Modelo yathu inapeza malenzi 3 pomwe thambo linaonetsa 13: lipoti la ntchito yomwe tinachita ku Zomba

Lipoti ili ndi la ntchito ya chaka chomaliza ya wophunzira wa physics yemwe ndinkamuyang'anira kuno ku Zomba. Ndalilemba mwatsatanetsatane chifukwa dzenje lomwe tinagwamo lili panjira ya aliyense woyamba kuwerengera malenzi a mphamvu yokoka (milalang'amba yomwe imakhotetsa kuwala kwa zinthu zakumbuyo kwake), ndipo ife tinakhalamo masabata angapo tisanadziwe kuti tagwa. Funso lathu linali losavuta kulitchula. Tikamwaza milalang'amba ndi ma quasar (mitima yowala kwambiri ya milalang'amba yakutali) m'kompyuta monga momwe zilili kuthambo, ndi ma quasar angati amene adzaoneke kawiri kapena kanayi? Nanga nambala imeneyo igwirizana ndi yomwe akatswiri anapeza ndi matelesikopu enieni?

Chinthucho n'chiyani

Kuwala kukamadutsa pafupi ndi chinthu cholemera, njira yake imakhota. Albert Einstein anawerengera mu 1915 kuti kuwala kwa nyenyezi kodutsa m'mphepete mwa dzuwa kumakhota ndi ma arcsecond 1.75, ndipo pa kadamsana wa pa 29 May 1919 Arthur Eddington anakayeza zimenezi pa chilumba cha Príncipe, anzake ena ali ku Sobral m'dziko la Brazil. Arcsecond ndi kangodya kochepa zedi. Chitsekerero cha botolo la chakumwa, cha masentimita 3, chikakhala pa mtunda wa makilomita 6 kuchokera pomwe mwaima, kukula kwake m'maso mwanu ndiye arcsecond imodzi.

Mu 1937 Fritz Zwicky ananena kuti mlalang'amba wathunthu ungakhotetse kuwala mokwanira kuti chinthu chimodzi chakumbuyo kwake chioneke pawiri. Panatenga zaka 42 kuti wina achione. Mu 1979 Dennis Walsh, Robert Carswell ndi Ray Weymann anapeza ma quasar awiri otalikirana ma arcsecond 6 okha, ofanana pa chilichonse, onse ali pa redshift 1.41 (redshift ndi nambala yomwe imakula chinthu chikakhala kutali). Inali quasar imodzi, Q0957+561, ndipo pakati pa iyo ndi ife pali mlalang'amba pa redshift 0.36. Mlalang'amba wochita ntchito ya mandala motere ndi umene timautcha lenzi.

Wophunzira wanga anazimvetsa zimenezi usiku wina wa mu June, osati pa bolodi. Magetsi anali atazima, mphepo yozizira ikutsika kuchokera kuphiri, ife tili m'ofesi ndi kandulo imodzi. Ndinali ndi tsinde la tambula ya vinyo yomwe inasweka, kaphazi kake kobulungira kaja kokhala ndi kamtengo pakati. Galasi lotere limakhotetsa kuwala mofanana kwambiri ndi mlalang'amba. Ndinamuuza kuti ayang'ane lawi la kandulo kudzera m'kaphaziko. Lawi lili chapambali, anaona malawi awiri, lina lalikulu kunja, lina laling'ono chamkati. Atalilunjika pakati penipeni, lawi linasanduka mphete. Kenako ndinati apendeke galasilo pang'ono. Anakhala chete kwa kanthawi, n'kunena kuti, "Aphunzitsi, tsopano alipo anayi." Kupendekako n'kumene kunadzativutitsa pambuyo pake, koma tsikulo sitinkadziwa.

Nambala yomwe tinkafuna kuifikira

Tinasankha kuyerekeza ntchito yathu ndi kafukufuku wa CLASS, yemwe pamodzi ndi kafukufuku wina wa JVAS anayang'ana magwero a mafunde a wailesi oposa 16,000, makamaka ndi telesikopu ya VLA ya ku New Mexico, n'kupeza malenzi 22. Chomwe chinandikopa n'chakuti ofufuzawo anapatula gulu la magwero 8,958 losankhidwa ndi malamulo olembedwa momveka bwino, ndipo m'gululo munapezeka malenzi 13. Ndiye kuti gwero limodzi mwa 690 alionse. Malamulowo ndi awa m'chidule: gwero liwale kufika 30 mJy (muyeso wa mphamvu ya mafunde a wailesi) pa 5 GHz, zithunzi zitalikirane ndi ma arcsecond osachepera 0.3, ndipo chithunzi chowala chisapose chinzake kuposa kakhumi. Mafunde a wailesi ali ndi ubwino wakuti fumbi la m'mlalang'amba siliwatchinga, komanso kuwala kwa nyenyezi za lenziyo sikuthobwa m'maso n'kubisa zithunzi.

Modelo yathu yoyamba inali yosavuta kuposa zonse, yomwe imatchedwa singular isothermal sphere. Mlalang'amba uliwonse tinautenga ngati mpira wobulungira, wodziwika ndi nambala imodzi yokha, liwiro lomwe nyenyezi zake zimathamangira uku ndi uku, lomwe timalilemba σ. Kukula kwa mphete ya Einstein, mphete ija yooneka gwero likalunjika pakati pa lenzi, ndi θE = 4π(σ/c)² (c ndi liwiro la kuwala) kuchulukitsa ndi mtunda wochokera pa lenzi kufika pa gwero, kugawa ndi mtunda wochokera kwa ife kufika pa gwero. Pa σ ya makilomita 200 pa sekondi, mbali yoyambayo imapereka ma arcsecond 1.15. Kugawa kwa mitundako kukakhala theka, θE ndi 0.58, ndipo zithunzi ziwirizo zimatalikirana kawiri kwa θE. Gwero likagwera m'kati mwa bwalo la θE kumbuyo kwa mlalang'amba, limaoneka pawiri. Likagwera kunja, chithunzi n'chimodzi.

Zotsalazo zinali kuchita maere m'kompyuta. Wophunzirayo analemba pulogalamu ya Python yomwe inkamwaza milalang'amba pa ma redshift osiyanasiyana, kuchuluka kwake pa σ iliyonse kuchokera pa zomwe Sloan Digital Sky Survey inayeza, m'chilengedwe chokhala ndi Ωm (gawo la zinthu zolemera) ya 0.3 ndi ΩΛ (gawo la mphamvu yofulumizitsa kufutukuka kwa chilengedwe) ya 0.7. Kenako inkaponya magwero 8,958 kumbuyo kwake, n'kuwerenga amene agwera m'mabwalo, n'kuchotsa amene aphwanya malamulo a CLASS. Laputopu wamba inkamaliza zonsezi m'mphindi zochepa.

Anabwera nayo ataikumbatira, nkhope ili yakugwa. "Aphunzitsi, ndabwereza kambirimbiri. Ikungotulutsa 2 kapena 3. Ndipo palibe ngakhale imodzi ya zithunzi zinayi."

Masabata awiri ofufuza kolakwika

Ndinayamba kukayikira pulogalamuyo, monga achitira woyang'anira aliyense. Tinayang'ana mitunda mzere ndi mzere, kuopa kuti mwina tasakaniza mtunda woyezera kukula kwa chinthu ndi mtunda woyezera kuwala kwake. Tinayang'ana ngati h wa Hubble, nambala ya liwiro la kufutukuka kwa chilengedwe, sanalowe kawiri. Tinawerengera chitsanzo chimodzi pamanja, papepala, n'kupeza kuti kompyuta ikunena zoona. Pulogalamuyo inalibe vuto.

Apa m'pomwe wophunzirayo anapereka ganizo lomwe ndikufuna kulilemba mwaulemu, chifukwa silinali lopusa. Anati tikweze ΩΛ. Anali atawerenga kuti ΩΛ ikakula, danga lapakati pa ife ndi gwero lakutali limakhala lalikulu, mumalowa milalang'amba yambiri, ndiye malenzi amachuluka. Zimenezi n'zoona, ndipo ndi chifukwa chake nkhani yowerenga malenzi inatchuka. Edwin Turner, Jeremiah Ostriker ndi Richard Gott anayala masamu ake mu 1984, ndipo pofika cha m'ma 1990 anthu anali ataona kuti chiwerengero cha malenzi chingayeze ΩΛ. Mu 1996 Christopher Kochanek anapeza kuti ΩΛ iyenera kuchepera 0.66. Patangotha zaka ziwiri, mu 1998, magulu awiri oyeza ma supernova (nyenyezi zophulika) anapeza kuti chilengedwe chikufutukuka mothamangirathamangira, ndipo ΩΛ yomwe inakhazikika ndi pafupifupi 0.7. Malenzi sananame kwenikweni, koma malire awo anadalira kwambiri zomwe zinkadziwika nthawiyo za milalang'amba ndi za momwe ma quasar anasankhidwira.

Ndinamulola kuyesa kuti adzionere yekha. Nambala inakwera ndithu, koma ngakhale titaikankhira ΩΛ kumtunda komwe miyezo ina yonse imakana, mpata wapakati pa 3 ndi 13 sunatsekeke bwino. Ndinamuuza kuti munthu ukasowa mbuzi zisanu m'khola suyamba n'kunena kuti phiri lasuntha. Umayamba wayang'ana momwe wawerengera.

Pomwe panali cholakwa

Cholakwacho chinali changa. Dongosolo lomwe ndinamulembera linkati aponye magwero 8,958, ngati kuti magwero amenewo anali kale m'kaundula lenzi isanawakhudze. Koma lenzi sikuti imangogawa chithunzi, imachiwalitsanso. Gwero la 10 mJy, lomwe palokha silingafike pa malire a 30 mJy, likawalitsidwa kanayi limaoneka ngati la 40 mJy n'kulowa m'kaundula. Ndipo magwero ofooka ndi ochuluka kuposa owala. Pa magwero a mtundu wa CLASS, mukatsitsa malire ndi theka, chiwerengero chimawirikiza pafupifupi kawiri. Choncho magwero opanda lenzi amatengedwa pa owala okha, pomwe a lenzi amatungidwa pa chitsime chachikulu kwambiri cha ofooka. Akatswiri amazitcha magnification bias.

Ndinamufotokozera ndi msika wathu wa Zomba. Mukaima kunja kwa mpanda n'kumawerenga ogulitsa amene mukuwamva, mumva a mawu amphamvu okha. Koma aliyense wokhala ndi chimkuzamawu mumumva, ngakhale mawu ake atakhala aang'ono chotani. Mukamaliza kuwerenga muganiza kuti ogulitsa ambiri ali ndi chimkuzamawu, pomwe m'katimo ndi ochepa. Ife tinali titawerenga a chimkuzamawu pakati pa a mawu amphamvu okha, n'kuiwala onse amene chimkuzamawucho chinawatulutsa poyera.

Ubwino wa modelo yobulungira ndi wakuti zimenezi zimawerengeka pamanja, ndipo tinachitadi papepala tisanakhudze kompyuta. Gwero likakhala pa mtunda β kuchokera pakati pa lenzi, zithunzi ziwirizo pamodzi zimawala 2θE/β kuyerekeza ndi gwerolo. M'mphepete mwa bwalo ndi kawiri, chapakati ndi kochuluka zedi, ndipo avareji ya bwalo lonse ndi 4 ndendende. Chiwerengero cha magwero chikamakwera mofanana ndi kutsika kwa malire, monga ndanenera, ndiye kuti malenzi amachuluka kanayi.

Pali kanthu kena kobisika apa komwe kanandisangalatsa. Lamulo la CLASS lakuti chithunzi chowala chisapose chinzake kakhumi limafuna kuti β ichepere 9/11 ya θE. Pulogalamu yathu yoyamba inkadula dera lonse lakunja kwa malire amenewa, n'kutsala ndi 0.67 ya bwalo, kutanthauza kuti tinkataya gawo limodzi mwa magawo atatu. Koma magwero a m'mphepetewo ndi amene awalitsidwa pang'ono kuposa onse, choncho m'kaundula weniweni ndi ochepa kale. Mukayeza dera ndi kuwala pamodzi mumapeza 4 kuchulukitsa ndi 9/11, yomwe ndi 3.27. Lamulolo limangotaya 18 pa 100 iliyonse, osati 33. Tsono gawani 3.27 ndi 0.67, mupeza 4.9. Nambala yathu inali yotsika pafupifupi kasanu, ndipo 2 kapena 3 uja ukamuchulukitsa kasanu wafika pakhomo pa 13.

Kukonza pulogalamu kunatenga madzulo amodzi. M'malo moponya magwero opyola kale malire, tinaponya magwero ambiri kuyambira ofooka kwambiri, lenzi n'kuwawalitsa, kenako n'kuika malire a 30 mJy pamapeto. Wophunzirayo ataona zotsatira anaseka mokweza mpaka mlonda anasuzumira pazenera.

Ndinayenera kumuziziritsa mtima pang'ono. Kugwirizana kumeneku n'kofewa kuposa momwe kumaonekera. Dera la bwalo limakula ndi σ yochulukitsidwa yokha kanayi, ndiye mukalakwitsa σ ndi 10 pa 100, kuchoka pa 200 kufika pa 220, malenzi amachuluka ndi 46 pa 100. Redshift ya magwero ambiri a CLASS sinayezedwe, inayezedwa ya gulu lochepa chabe, ndipo ife tinatengera pomwepo. Malire a ma arcsecond 0.3 amadula milalang'amba yambiri yaing'ono: B0218+357, yomwe zithunzi zake zatalikirana 0.33 yokha, inalowa mopanikizika. Komanso 13 ndi nambala yaing'ono. Kugwedera kwake kwamwayi ndi pafupifupi 3.6, kapena 28 pa 100, ndipo n'chifukwa chake ofufuza a CLASS analemba 690 ndi kukayikira kwa 190 mbali zonse. Titasinthasintha zolowetsa zathu m'malire omveka, 13 anakhalabe m'kati mwa zomwe tinkapeza. Zomwe tinganene n'zomwezo. Sitinayeze ΩΛ, ndipo ndinakana kuti mawu oti tayeza alowe m'lipoti lake.

Zithunzi zinayi

Apa m'pomwe panali ntchito yeniyeni, ndipo sitinaimalize.

Lenzi yobulungira ndendende singapereke zithunzi zinayi. Pamafunika kupendeka kuja kwa tambula: mlalang'amba ukhale wophwatalala ngati dzira, kapena pakhale milalang'amba ina pambali yomwe ikukoka kuwala mbali imodzi. Kukoka kwapambaliku timakutcha shear, n'kukulemba γ. Kukakhalapo, kumbuyo kwa lenzi kumabadwa kadera kooneka ngati nyenyezi ya nsonga zinayi. Gwero likagwera m'kati mwa kaderako, zithunzi zimakhala zinayi. Malire ake amatchedwa caustic, ndipo aliyense anawaonapo: ndi kamzere kowala kokhota kaja komwe kamaoneka pamwamba pa tiyi m'kapu dzuwa likawomba m'mbali mwake, kokhala ndi kansonga pakati. Gwero likayandikira mzere wotero limawala mopitirira.

Tinawonjezera shear pa modelo yathu. Masamu ake ndi achidule. Shear ikakhala yochepa, dera la kanyenyeziko poyerekeza ndi bwalo lonse ndi 1.5γ². Pa γ ya 0.1, imeneyo ndi 1.5 pa 100 basi. Koma phunziro lathu loyamba linabweranso, chifukwa gwero lokhala pakati penipeni pa kanyenyeziko limawalitsidwa pafupifupi 2/γ, ndiye kuti ka 20, ndipo chakumphepete limaposa pamenepo. Mukaphatikiza ziwirizi, malenzi a zithunzi zinayi amafika pafupifupi imodzi mwa khumi. Chimkuzamawu chawakweza kuchoka pa 1.5 kufika cha pa 10 pa 100 iliyonse.

Vuto n'lakuti m'malenzi 13 a CLASS, pafupifupi theka ali ndi zithunzi zinayi kapena kuposerapo.

Wophunzirayo anati tikweze γ. Tinayang'ana papepala kaye. Dera limakula ndi γ², koma kuwala kumatsika ndi 1/γ, ndiye zotsatira zimangokula ndi γ imodzi. Kuwirikiza shear kumangowirikiza chiwerengerocho kawiri. Kuti tifike theka pankafunika shear yoposa yomwe malenzi ambiri enieni amaonetsa. Tinayesa milalang'amba yophwatalala, pogwiritsa ntchito modelo yomwe Robert Kormann, Peter Schneider ndi Matthias Bartelmann anailemba mu 1994, kuphwatalala kwake tikutengera momwe kuwala kwa milalang'amba kumaonekera. Zinathandiza, koma sizinafike.

Sitinali oyamba kuima pamenepa. David Rusin ndi Max Tegmark anafunsa funso lomweli mu 2001, lakuti n'chifukwa chiyani malenzi a wailesi a zithunzi zinayi achuluka chonchi. Mayankho omwe aperekedwa ndi angapo: mwina dark matter (zinthu zolemera zosaoneka) yozungulira mlalang'amba ndi yophwatalala kuposa kuwala kwake, mwina timilalang'amba tapambali timakulitsa kanyenyezi kaja, mwina ndi mwayi chabe pa nambala zochepa. Ine ndimapendekera ku ganizo lakuti vuto lalikulu n'kutenga mlalang'amba ngati chinthu chokhala chokha. Milalang'amba yolemera, yomwe ndi imene imapanga malenzi ambiri, imakonda kukhala m'magulu. M'gulu la CLASS lomwelo, B1608+656 ili ndi milalang'amba iwiri yogwira ntchito ya lenzi pamodzi, ndipo B1359+154 ili ndi itatu, zithunzi zake n'kukhala zisanu ndi chimodzi. Modelo yathu inalibiretu malo a zinthu zotere.

Lenzi imodzi pafupi

Kuti tione bwino zomwe modelo yosavuta imaphonya, tinatenga lenzi imodzi mwa 13 aja, B1422+231, n'kuyesa kuifanizira payokha. Quasar yake ili pa redshift 3.62, lenzi pa 0.34, ndipo zithunzi zonse zinayi zili m'kati mwa ma arcsecond 1.3. Zitatu zowala, A, B ndi C, zandandalikana mbali imodzi, B ali pakati, ndipo D wofooka kwambiri ali tsidya lina la mlalang'amba. Maonekedwe otere amabwera gwero likakhala pafupi ndi nsonga imodzi ya kanyenyezi kaja. Malo a zithunzizo anasindikizidwa kale, ndipo pulogalamu ya lenstronomy, yomwe Simon Birrer anailemba mu Python, ndi yaulere. Bandulo ya intaneti ya pafoni inakwanira kutsitsa zonse. Ndikunena izi chifukwa ophunzira athu ambiri amaganiza kuti sayansi ya zakuthambo imafuna telesikopu pakhomo, pomwe mbali yaikulu ya ntchitoyi imafuna masamu ndi kudekha.

Mlalang'amba wophwatalala pamodzi ndi shear unakwanitsa malo a zithunzi zonse zinayi bwino kwambiri. Wophunzirayo anafuna kulemba kuti tapeza maonekedwe a lenziyo. Ndinamupempha kuti awerenge kaye. Malo a zithunzi zinayi ndi manambala 8, malo a mlalang'amba ndi 2, onse pamodzi 10. Zomwe modelo imaloledwa kusintha ndi θE, ziwiri za kuphwatalala, ziwiri za shear, ziwiri za pakati pa lenzi ndi ziwiri za malo a gwero, zonse 9. Kukwanitsa manambala 10 ndi zosintha 9 si umboni wamphamvu. Chomwe chinali ndi tanthauzo n'chakuti modelo inkafuna shear yamphamvu, ndipo zimadziwika kuti mlalang'amba wa lenziyi uli m'gulu la milalang'amba ina. Apa masamu ndi thambo zinalozera kumodzi.

Kuwala kwa zithunzi ndiye kunakana. Gwero likakhala pafupi ndi nsonga, lenzi iliyonse yosalala imafuna kuti chithunzi chapakati chiwale pafupifupi ngati ziwiri zam'mbali zitaphatikizidwa, B afanane ndi A kuphatikiza C. Pa mafunde a wailesi, A yekha amawala pafupifupi ngati B, ndipo C ndi pafupifupi theka la B. Tinapotoza modelo uku ndi uku, osatheka. Wophunzirayo anaganizanso kuti walakwitsa, ndipo ndinamuuza kuti ulendo uno ayi. Shude Mao ndi Peter Schneider anaonetsa mu 1998, pa lenzi yomweyi, kuti kusagwirizanaku kungabwere ngati kachibulu kakang'ono ka zinthu zolemera kali pafupi ndi njira ya kuwala kwa chithunzi chimodzi. Neal Dalal ndi Kochanek anagwiritsa ntchito malenzi angapo otere mu 2002 poyeza kuchuluka kwa tizibulu ta dark matter. Kuona maso a nkhono n'kudekha: pomwe modelo yosalala yalephera m'pomwe pali chizindikiro cha chinthu chosaoneka.

Pali msampha wina womwe ndinamuonetsa mwachidule chifukwa umakhudza chiwerengero cha malenzi komanso kufanizira lenzi imodzi. Emilio Falco, Marc Gorenstein ndi Irwin Shapiro anaonetsa mu 1985 kuti mukachepetsa kulemera kwa lenzi ndi gawo lina, n'kuyala chinsalu cha kulemera kofanana paliponse cholowa m'malo mwake, malo a zithunzi sasintha, ngakhalenso kusiyana kwa kuwala kwake. Chomwe chimasintha ndi nthawi yomwe kuwala kumachedwera panjira imodzi poyerekeza ndi inzake. Sjur Refsdal anali atanena mu 1964 kuti kuchedwa kumeneku kungayeze liwiro la kufutukuka kwa chilengedwe, ndipo pa Q0957+561 kuchedwako ndi masiku pafupifupi 417. Gulu la H0LiCOW linapeza H0, liwiro la kufutukukalo, ya 73.3 kuchokera pa malenzi 6, kukayikira kuli pafupifupi 2 pa 100. Mu 2020 gulu la TDCOSMO litamasula zomwe zinkangoganiziridwa za momwe kulemera kwayalidwira m'lenzi, malenzi a mtundu womwewo anapereka 74.5 koma kukayikira kunakwera kufika cha pa 8 pa 100, moti sanasemphanenso kwenikweni ndi 67.4 yomwe telesikopu ya Planck inapeza. Kwa ife phunziro linali lapafupi. Gulu la milalang'amba lozungulira lenzi limachita ngati chinsalu chomwecho. Limatalikitsa zithunzi ndi kuziwalitsa popanda σ ya mlalang'amba kusintha, choncho limalowerera ngakhale pa chiwerengero cha 13 chomwe tinkasangalala nacho.

Zomwe zinalowa m'lipoti la wophunzira

Tinalemba kuti modelo yobulungira, magnification bias ikalowetsedwa moyenera, imapereka chiwerengero cha malenzi chogwirizana ndi CLASS m'chilengedwe cha ΩΛ ya 0.7, ndipo kuti kugwirizanako kuli ndi kukayikira kosachepera 28 pa 100. Tinalemba kuti chiwerengero chathu cha malenzi a zithunzi zinayi n'chotsika kuposa chomwe chinapezeka, ngakhale titaika shear ndi kuphwatalala, ndipo sitinabise kuti sitinathetse zimenezo. Cholakwa choyamba chija tinachisiya m'lipoti ngati mutu wakewake, ndi masamu a 0.67 ndi 3.27 onse. Mnzanga wina wogwira naye ntchito anati chichotsedwe chifukwa chikuchepetsa ulemu wa ntchitoyo. Sindinagwirizane naye. Mutu umenewo ndi womwe wophunzirayo anauteteza bwino kuposa yonse pomwe ankafunsidwa mafunso, chifukwa nambala iliyonse ya m'menemo anaivutikira yekha.

Chomwe ndasintha pa kayendetsedwe kanga n'chakuti wophunzira wotsatira adzayamba ndi kulemba malamulo osankhira magwero, asanaike mlalang'amba ngakhale umodzi m'kompyuta. Adzayenera kundionetsa papepala kuti gwero la kuwala kwakuti, lowalitsidwa mwakuti, lilowa m'kaundula kapena ayi. Ndikuona kuti luso limeneli likufunika kwambiri tsopano. Telesikopu ya Euclid inakwezedwa kuthambo mu July 2023, ndipo mu February 2025 analengeza mphete ya Einstein yomwe inaoneka mozungulira pakati pa NGC 6505, mlalang'amba womwe wakhala ukudziwika kuyambira m'zaka za m'ma 1800 popanda wina kuiona mpheteyo. Euclid ndi Rubin Observatory ya ku Chile zikuyembekezeka kupeza malenzi masauzande ambirimbiri. Kugwedera kwa 28 pa 100 kudzatha. Koma malenzi ambiriwo akusankhidwa ndi mapulogalamu ophunzitsidwa kuzindikira zithunzi, ndipo zomwe pulogalamu yotero imakonda kapena kuphonya sizilembeka m'mizere itatu ngati malamulo a CLASS. Izi zimandidetsa nkhawa, chifukwa ndaona ndekha lamulo limodzi loikidwa pamalo olakwika likusintha yankho kasanu.

Wophunzirayo anamaliza maphunziro ake, koma ntchitoyi sanaisiye. Amabwera Loweruka m'mawa kuchokera ku Matawale, ndipo pano akuwonjezera anzake a mlalang'amba m'pulogalamu: lenzi iliyonse ikumapatsidwa milalang'amba ina pambali, shear ndi chinsalu chija zikumachokera pa iyo m'malo moti ife tiziike pamanja. Maere oyamba akuonetsa kuti malenzi a zithunzi zinayi akukwera. Kuti akwera kufika pati sitinena kufikira titayesa pulogalamu yatsopanoyi pa B1422+231, n'kuona ngati ikubweza shear yomwe tinapeza kale.